Ankathawa Ng'ombe, Koma Ankaima Pakati pa Mfuti

M'holo ina ya tchalitchi ku Scotland amayi anadzaza pamabenchi kudikira kumva nkhani za ku Africa. Mlendo wa tsikulo anali mayi wamfupi, woonda, wooneka kuti malungo amusautsa kwa zaka zambiri. Ataimirira kuti ayambe kulankhula, maso awo anagwera pa bambo wina amene anakhala nawo pamsonkhanowo. Pakamwa panauma. Anapempha kuti bamboyo atuluke, apo ayi akakhale kuseri kwa chipilala kumene sangaoneke, ndipo pokhapo m'pamene mawu anayamba kutuluka.

Olemba mbiri ya mayiyu amati zoterezi sizinachitike kamodzi. Amatinso akakhala pa tchuthi kwawoko ankaopa kudutsa m'munda momwe muli ng'ombe, ndipo kuwoloka msewu wa mumzinda wa Glasgow kunkafuna wowagwira mkono. Komatu mayi yemweyu, akabwerera kum'mwera chakum'mawa kwa dziko limene lero ndi Nigeria, ankayenda m'nkhalango usiku, nthawi zambiri opanda nsapato, kukaima pakati pa magulu awiri a amuna oledzera onyamula mfuti ndi zikwanje. Ankakhala pamenepo n'kumaluka ndi masingano awo, akumvetsera mbali zonse ziwiri, mpaka mkwiyo utazilala. Dzina lawo linali Mary Slessor.

Nkhani yawo ili ndi kanthu kowauza anthu ambiri amene Lamulungu lililonse amakhala pabenchi lakumbuyo, mtima ukuwauza kuti pali ntchito imene anabadwira, koma miyendo ikukana kudzuka.

Pa Chichewa mawu akuti manyazi amasenza katundu wambiri. Mwana amene amagwada popereka madzi kwa alendo, osayang'ana akulu m'maso, timati ali ndi manyazi, ndipo ndi chiyamikiro. Munthu akamuuza kuti alibe manyazi, kapena kuti ndi wouma m'maso, ndiye kuti amutukwana. Mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi, mtengwa watsopano amadya mozyolika, ndipo palibe amene amati akudwala. Awa ndi manyazi a ulemu, ndipo mudzi wopanda manyazi otere suyendeka. Mawu omwewa timatchulanso chitonzo chimene munthu amamva akagwidwa ndi mbuzi ya eni. Ndiyeno pali manyazi achitatu, amene amamanga munthu manja ndi miyendo. Ndi amene amachititsa wophunzira wodziwa yankho kukhala chete mpaka belu kulira, mnyamata wa mawu okoma kuimbira kubafa kokha, mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano kujomba tsiku limene amuika kuti atsegule ndi pemphero. Makolo ankawadziwa manyazi amenewa, n'chifukwa chake ankati manyazi anapha lambe. Vuto ndi lakuti mitundu itatuyi ili ndi dzina limodzi, choncho mtsikana amene akuvutika ndi mantha amatamandidwa kuti ndi wofatsa, iyenso n'kumakhulupirira kuti kubisala kwake ndi khalidwe labwino.

Mary Slessor anakumana ndi mitundu iwiri yomalizayi ali wamng'ono. Anabadwa pa 2 Disembala 1848 ku Aberdeen. Bambo ake anali wosoka nsapato, koma mowa unawalanda ntchito ndi ulemu womwe. Mu 1859 banjalo linasamukira ku Dundee, mzinda wa mafakitale oluka nsalu ndi ziguduli, kukafuna poyambira pena. Sizinathandize. Mowa unapitirira, ndipo mayi ake ndi amene analowa m'fakitale kuti ana adye. Mary naye, ali ndi zaka 11, analembedwa ntchito pa fakitale ya Baxter Brothers, theka la tsiku pamakina, theka linalo pa sukulu ya fakitaleyo. Pofika zaka 14 anali akugwira tsiku lonse, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo.

Loweruka usiku ndiye unali usiku woopsa. Bambo akabwera ataledzera, nthawi zina Mary ankathamangitsidwa m'nyumba n'kumazungulira m'misewu yozizira akulira, kudikira kuti m'nyumba mukhale bata. Iye ndi mayi ake ankabisa zonsezi kuti anthu a kutchalitchi asadziwe. Ndalama zikatha, Mary ndi amene ankatumidwa mwakachetechete kukasiya katundu wa m'nyumba pa pinyolo. Mwana wokula motere amaphunzira msanga kuyenda m'mbali mwa khoma, kulankhula motsitsa mawu ndi kuopa maso a anthu. Amene analemba za moyo wake amagwirizanitsa zaka zimenezi ndi mantha amene anali nawo pamaso pa amuna moyo wake wonse, ndipo aliyense amene anakulira m'nyumba ya chidakwa, ku Ndirande kaya ku Kawale, sangadabwe nazo.

Ngakhale kutembenuka mtima kwake kunayamba ndi mantha. Mayi wina wamasiye wa m'dera lawo ankasonkhanitsa atsikana m'nyumba mwake, ndipo tsiku lina anawaloza moto wa pachitofu n'kuwauza kuti mizimu yawo idzapsa chomwecho kwamuyaya akapanda kulapa. Mary anachita mantha kwambiri ndipo anathamangira kwa Yesu. Chochititsa chidwi n'chakuti atakula sanafune kugwiritsa ntchito njira imeneyi pa anthu ena. Analowa ndi mantha, koma chimene chinamusunga m'chikhulupiriro chinali china: anapeza Mulungu amene ankatha kulankhula naye ngati bambo, bambo amene sabwera kunyumba ataledzera.

Akatswiri a maganizo a anthu anaphunzira za manyazi patapita zaka zambiri, ndipo zimene anapeza zimathandiza kumvetsa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1970, Philip Zimbardo wa pa yunivesite ya Stanford ku America anafunsa anthu masauzande angapo. Pafupifupi 40 pa 100 alionse anati ndi amanyazi pa nthawiyo, ndipo oposa 80 pa 100 anati anakhalapo amanyazi pa nthawi ina m'moyo wawo. Munthu wamanyazi amaganiza kuti ali yekha m'chipindamo, chonsecho anthu ambiri amene akhala naye pafupi akubisa thukuta la m'manja lomwelo.

Jerome Kagan wa ku Harvard anapita kumbuyo kwambiri, mpaka ku makanda a miyezi inayi. Ankawaonetsa zidole zachilendo ndi kuwamvetsa mawu amene sanawamvepo. Pafupifupi khanda limodzi mwa asanu linkalira ndi kuphiriphitha kwambiri, pamene ena ankangoyang'ana mosatekeseka. Atawatsatira anawo mpaka kukula, anapeza kuti ambiri mwa olirawo anali osamala ndi amantha pokumana ndi zachilendo. Koma si onse amene anakhala omangika. Ambiri anaphunzira kucheza, kulankhula pagulu ndi kugwira ntchito zawo bwino. Chimene sichinkachitika kawirikawiri ndi chakuti mwana wotere asanduke munthu wosaopa chilichonse. Chibadwa chimatsala, koma chimene munthu amachita nacho chimasintha.

Zimene zimachitika m'thupi n'zodziwika. Ubongo ukaona maso ambiri akuyang'ana, umatenga zimenezo ngati ngozi, monga ungachitire ukaona njoka panjira. Mtima umagunda ngati ng'oma, pakamwa pamauma, mawondo amagwedera, mawu amanjenjemera. Munthu akathawa, thupi limapeza mpumulo nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo ndiwo msampha, chifukwa ubongo umaphunzira kuti kuthawa ndiko kunamupulumutsa. Ulendo wina mantha amabwera okulirapo. Madokotala othandiza anthu otere amawayendetsa njira yobwerera: kuyamba ndi chinthu chaching'ono chimene amachiopa, kukhala pomwepo mpaka mtima utakhazikika, kenako kuonjezera pang'ono.

Mary sanawerengepo za njira imeneyi, koma ndi imene mpingo unamudutsitsa. Ankapemphera pa tchalitchi cha Wishart m'dera la anthu osauka la Cowgate, ndipo anayamba ndi kuphunzitsa ana Sande sukulu. Ana sankamuopsa. Kenako anadzipereka kukathandiza pa kanyumba ka mapemphero m'kanjira kena kovuta, kumene anyamata ovutitsa ankasokoneza misonkhano ndi kugenda aphunzitsi ndi matope. Usiku wina gulu la anyamatawa linamuzungulira. Mtsogoleri wawo anali ndi chitsulo cholemera chomangirira ku chingwe, ndipo anayamba kuchizunguza, chikuyandikira nkhope ya Mary pang'onopang'ono mpaka chinamukhudza pamphumi. Mary sanasunthe. Mnyamatayo anagonja, ndipo iye ndi anzake analowa m'mapempherowo. Patapita zaka, mnyamata uja atakula ndi kukhala pabanja, anamutumizira chithunzi cha banja lake, ndipo chinkapachikidwa pakhoma la nyumba ya Mary ku Africa.

Mtsikana amene sanaphethire pamaso pa chitsulo ndi yemwe ankakanika kulankhula pa msonkhano wa achinyamata a mumpingo mwake. Kusiyana kwake kunali pa kumene maso ake ankayang'ana. Pansanja nkhani inali iye mwini: kavalidwe kake ka m'fakitale, Chingerezi chake cha m'makwalala a Dundee, sukulu yake yochepa. M'kanjira kaja nkhani inali anyamatawo. Manyazi amadya munthu akamadziyang'ana yekha ndi maso a anthu ena, ndipo amafooka pamene pali wina wofunika kumupulumutsa. Mayi wamanyazi kwambiri m'mudzi safunsa kuti anthu andiona bwanji mwana wake akagwera m'chitsime.

Maitanidwe ake anadzera m'magazini. Mayi ake ankawerengera ana nkhani za m'kabuku ka mwezi ndi mwezi ka mpingo wawo wa United Presbyterian, kotchedwa Missionary Record, makamaka za mishoni ya ku Calabar, m'dziko lija limene lero ndi Nigeria. Chiyembekezo cha mayiwo chinali pa ana aamuna, Robert ndi John, kuti mmodzi adzapite kumeneko, koma onse awiri anamwalira. Mary anapitiriza kuluka nsalu, buku litatsamira pamakina, monga ankachitira David Livingstone ali mnyamata pa fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, ndipo Chuma, Susi ndi anzawo atanyamula thupi lake mpaka kugombe la nyanja yamchere, maliro ake ku London mu 1874 anagwedeza Scotland yense. Funde limenelo ndi limene linabweretsa sitima ya Ilala pa nyanja ya Malawi mu 1875, ndi mishoni ya Blantyre mu 1876. Funde lomwelo linanyamula woluka nsalu wa ku Dundee. Anapempha kuti atumizidwe, anaphunzira miyezi yochepa ku Edinburgh, ndipo mu Ogasiti 1876, ali ndi zaka 27, anakwera sitima ya Ethiopia ku Liverpool. M'sitimamo munali migolo yambirimbiri ya mowa wokagulitsa ku West Africa, chinthu chomwe chinaphwasula nyumba ya kwawo.

Ku Calabar sanali woyamba. Mishoniyo inayamba mu 1846 ndi Hope Waddell pamodzi ndi Akhristu a ku Jamaica, zidzukulu za akapolo, amene anafuna kubweretsa uthenga kudziko la makolo awo. Mayi Slessor anayambira ku Duke Town ngati mphunzitsi, pansi pa amishonale achikulire, ndipo moyo wa pa mishoni, wa matebulo oyalidwa bwino ndi belu la chakudya, sunawakhale. Anaphunzira Chiefik, chilankhulo cha kumeneko, mofulumira mpaka eni ake ankadabwa. Atawatumiza ku Old Town, kumene ankadziyang'anira okha, anamasuka. Anayamba kudya chakudya cha eni dera, china chifukwa chofuna kusunga ndalama zotumizira mayi awo ndi ang'ono awo ku Scotland. M'kupita kwa nthawi anadula tsitsi, anasiya zovala zolemera za azungu a nthawiyo, nsapato ndi chipewa chomwe. Munthu amene ankamangika pakati pa anthu a mtundu wake anapeza lilime lake m'chilankhulo cha eni.

Ntchito imene amadziwika nayo kwambiri ndi ya mapasa. Anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti mmodzi mwa mapasa ndi mwana wa mzimu woipa, ndipo poti sizinkadziwika kuti ndi uti, onse awiri ankaphedwa kapena kutayidwa kutchire mumphika, mayi wawo n'kupirikitsidwa m'mudzi. Amishonale oyamba ndi mafumu ena a Chiefik anali atayamba kale kulimbana ndi mwambowu, ndipo si zoona kuti munthu mmodzi anauthetsa yekha. Chimene Mayi Slessor anachita chinali kuthamanga akangomva kuti kwabadwa mapasa, kuwatenga, kuwasambitsa, kugona nawo m'nyumba mwawo, kuti mudzi wonse uone kuti palibe tsoka limene lawagwera. Mmodzi mwa ana oyamba amene anawapulumutsa, Janie, anapita naye ku Scotland mu 1883, ndipo anakula n'kukhala dzanja lawo lamanja polera ena.

Mayi awo ndi mng'ono wawo womaliza atamwalira motsatizana, Mayi Slessor anatsala opanda wowadera nkhawa kwawo. Mu 1888 anakwera bwato ndi ana asanu kupita kwa anthu a Okoyong, dera limene amalonda a ku Calabar ankaopa kulowamo. Anafika madzulo, mvula ikugwa, n'kuyenda m'nkhalango mumdima ndi anawo, wamng'ono ali m'manja, mpaka ku mudzi wa Ekenge.

Kumeneko munthu wolemekezeka akafa, pankafunika kupeza amene wamulodza. Oganiziridwa ankamwetsedwa nyemba ya poizoni yotchedwa esere: wosanza ndiye wosalakwa, wakufa ndiye mfiti. Mmalawi safunika kumufotokozera zambiri, chifukwa ndi mwavi umene agogo athu ankaudziwa, kungosiyana mtengo. Mwana wa mfumu Edem, dzina lake Etim, ataphwanyidwa ndi chipika n'kumwalira, anthu a m'mudzi wina anagwidwa n'kumangidwa maunyolo pabwalo kudikira nyembayo. Mayi Slessor anakakhala pambali pa omangidwawo usana ndi usiku, akusinthana ndi kalipentala wa mishoni Charles Ovens, akukangana ndi mfumu ndi abale ake okwiya, kwa masiku ambiri. Omangidwawo anamasulidwa mmodzimmodzi, ndipo maliro anatha popanda munthu wophedwa, chinthu chimene chinali chachilendo pa maliro a munthu wa udindo wotero.

Sanali okha. Mlongo wa mfumuyo, Ma Eme, ankawatsina khutu mwachinsinsi. Kukakhala kuti kwinakwake kukukonzedwa zoopsa, ankatumiza botolo lopanda kanthu ngati akupempha mankhwala, ndipo Mayi Slessor ankadziwa kuti ayenera kunyamuka. Mbiri imakonda kutchula dzina limodzi, koma kulimba mtima kwa mayi wa Chiokoyong ameneyu, amene akanaphedwa akanadziwika, n'kosachepera.

Kodi chikhulupiriro chinachita chiyani kwenikweni? Sichinachotse mantha. Makalata a Mayi Slessor amaonetsa munthu amene ankaopa nyalugwe m'njira, ankaopa mtsinje, ankadwala malungo pafupipafupi ndi kusungulumwa. Mabaibulo awo, amene ena akusungidwa ku Dundee, ndi odzaza ndi timawu tolemba m'mphepete, ngati munthu amene akukambirana ndi mnzake m'mawa uliwonse. Chimene anapeza m'menemo n'chakuti iwo ndi wotumidwa chabe. Mthenga wa mfumu akafika pabwalo la mfumu ina safunika kukhala wokongola kapena wodziwa kuyala mawu, chifukwa ulemu umene akuyendera ndi wa amene wamutuma. Maganizo amenewa amachotsa katundu wolemera kwambiri pa munthu wamanyazi, katundu wofuna kuoneka wokwanira. Funso lakuti anthu andiona bwanji limacheperachepera pamene munthu wakhulupirira kuti amene amamudziwa bwino kuposa onse wamulandira kale.

Baibulo lomwelo ndi lodzaza ndi anthu otere, ndipo siliwabisa. Mose, pa chitsamba choyaka moto, anapereka zifukwa zotsatizana, kuphatikizapo chakuti lilime lake ndi lolemera, mpaka anapempha kuti atumidwe wina. Yankho silinali kumusandutsa katswiri wolankhula. Anapatsidwa Aroni kuti ayende naye. Gideoni anapezedwa akupuntha tirigu mobisala moponderamo mphesa, ndipo ntchito yake yoyamba anaigwira usiku chifukwa choopa abale ake. Yeremiya anadandaula kuti ndi mwana. Timoteo, amene Paulo anamusiyira mpingo wa ku Efeso, ankafunika kukumbutsidwa kuti asachite mantha, ndipo Akorinto anauzidwa kuti akafika amulandire bwino kuti akhale womasuka pakati pawo. Paulo mwiniwake anavomera kuti anafika ku Korinto ali wofooka ndi wonjenjemera. Sauli yekha ndi amene nkhani yake imapita kwina: tsiku lomulonga ufumu anakabisala pakati pa akatundu, ndipo zaka zotsatira anapitiriza kuopa anthu mpaka anavomera yekha kuti anamvera mawu awo m'malo momvera Mulungu.

M'mipingo ya kuno kwathu makwerero ofanana ndi amene Mary anakwera alipo kale, ngakhale sitimawatchula choncho. Mwana amayamba ndi kuloweza vesi la Sande sukulu n'kulinena pamaso pa anzake khumi. Kukwaya mawu ake amabisala m'mawu a anthu makumi atatu, mpaka tsiku limene amupatsa mzere umodzi woti atsogolere. Kumphakati kapena ku mapemphero a m'makomo anthu amakhala ochepa, pamkeka, ndipo pemphero lachidule silichititsa mantha ngati la paguwa. Ku sekondale magulu ngati SCOM ndi YCS aphunzitsa achinyamata ambiri kuima kutsogolo koyamba. Pamaliro, amayi amene sangagwire maikolofoni amatsogolera nyimbo usiku wonse m'siwa. Mbusa kapena mkulu wa mpingo wanzeru amadziwa kuti wamanyazi samukankhira paguwa mwadzidzidzi pamaso pa mpingo wonse. Amamuuza sabata isanafike, amamupatsa ndime yaifupi, amamuimika ndi mnzake, ndipo akaphonya mawu samuseka pa zolengeza.

Pali cholakwika chimodzi chimene mipingo ina yachita, ndipo chimapweteka. Masiku ano mphatso imene imaoneka kwambiri ndi ya mawu okweza, ndipo wachinyamata wofatsa amayamba kuganiza kuti Mzimu unamudumpha. Ena amauzidwa kuti manyazi awo ndi chiwanda chofunika kutulutsa, kapena kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Akapemphereredwa n'kudzuka m'mawa mtima ukugundabe, amasenza katundu wachiwiri, wodziona ngati wolephera pamaso pa Mulungu. Mayi Slessor akanayesedwa ndi muyeso umenewo akanalephera, chifukwa zaka zoposa makumi atatu za kupemphera ndi kutumikira sizinawachotsere mantha a pansanja. Maitanidwenso sakhala a paguwa okha. Namwino wa kuchipatala cha kumudzi, mphunzitsi wa Sitandade 1, wosoka zovala amene amaphunzitsa ana amasiye, mlembi wa mpingo amene mabuku ake a ndalama sasowa tambala, onsewa akhoza kukhala pamalo amene anaitanidwira osakwezapo mawu.

Palinso malire ofunika kuwadziwa. Mantha akafika poti munthu akusiya sukulu, akukana ntchito, sakutha kudya pamaso pa anthu, kapena akuyamba kumwa mowa kuti alimbe mtima asanakumane ndi anthu, ndiye kuti afika pa matenda amene madokotala amawadziwa ndipo amachizika. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, ndipo kuli malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amapereka uphungu. Kupita kumeneko sikulimbana ndi pemphero, monganso kumwa mankhwala a malungo sikulimbana nalo.

Moyo wa Mayi Slessor unali ndi mbali zina zimene anthu a lero amazifunsa, ndipo n'koyenera kutero. Mu 1892 boma la Britain linawapatsa udindo woweruza milandu kwa Okoyong, ndipo pambuyo pake anakhalanso pa khoti la ku Ikot Obong. Anavomera poopa kuti mzungu wosadziwa chilankhulo ndi miyambo akanabweretsa nkhondo, koma zoona zake n'zakuti anakhala mbali ya ulamuliro wa atsamunda umene unkalowa m'dzikomo ndi mfuti. Ankapsa mtima msanga, ndipo zimanenedwa kuti mboni yonama kapena mfumu yosokoneza pakhoti nthawi zina inkalandira khofi. Malipoti ndi mabuku a ndalama sizinali mphatso yawo. Chibwenzi chawo ndi mphunzitsi wachinyamata Charles Morrison sichinafike paukwati, chifukwa akuluakulu a mishoni sanalole kuti iye asamukire kwa Okoyong, ndipo iwo sanafune kusiya ntchitoyo. Anali munthu, ndi zipsera zake.

Anaonanso patali. Analimbikira kuti achinyamata a ku Calabar aphunzitsidwe ntchito za manja, ndipo akuluakulu a ku Edinburgh atazengereza, anatumiza munthu woti akaone ngati zingatheke. Munthuyo anali Robert Laws wa ku Livingstonia, mwana wa ku Aberdeen ngati iwo, wa mpingo umodzimodzi. Laws anavomereza, ndipo sukulu ya Hope Waddell inatsegulidwa mu 1895, chaka chimodzi iye atayamba kumanga pa Khondowe. Sukuluyo ilipo mpaka lero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, banki ya Clydesdale ku Scotland inaika nkhope ya Mayi Slessor pa ndalama ya mapaundi 10, pamalo pamene panali nkhope ya Livingstone.

Zaka zawo zomaliza anazithera kumtunda kwa mtsinje, m'madera a Itu, Use ndi Ikpe, akutsegula masukulu ang'onoang'ono m'midzi. Miyendo itakana, ana awo olera ankawakankha pa kampando ka mawilo m'njira za m'nkhalango. Anthu ankangowatchula kuti Ma.

Mu 1913 analandira mendulo ya Order of St John of Jerusalem, ndipo anakakamizika kutsikira ku Duke Town kukailandira pamaso pa akuluakulu a boma, amishonale ndi ana a sukulu. Anali ndi zaka 64, atatha zaka zoposa 35 m'dzikomo, mafumu ankhondo atawagonjera. Pamene olankhula ankawatamanda, iwo anakhala atabisa nkhope m'manja. Nthawi yawo yoyankha itakwana, Chingerezi chinakana kutuluka. Anatembenukira kwa anyamata a sukulu amene anali m'holoyo n'kuyamba kulankhula nawo m'Chiefik, ndipo mtima utakhazikika m'pamene anayang'ana azungu anzawo. Mwambo utatha anabwerera kumtunda msanga. Anamwalira ku Use pa 13 Januwale 1915, m'nyumba yawo yadothi, Janie ndi ana ena ali pambali, ndipo thupi lawo linatsika ndi bwato pa mtsinje wa Cross kukaikidwa ku Duke Town.